Jazz, Nyimbo ya Anthu Ochoka Kwawo: Nkhani Yokambidwa ku Dzaleka

 Ndiyankhula pang'onopang'ono kuti wotanthauzira m'Chiswahili asatsalire, ngakhale ndikudziwa kuti ana obadwira muno Chichewa amachitafuna ngati mwana wa kwa Msakambewa.

Ndiyambe ndi abale athu a ku Congo. Alipo muno amene sanamvepo dzina la OK Jazz? Ndikuona mukumwetulira. Gulu la Franco Luambo Makiadi limenelo linayamba mu 1956 ku Léopoldville, komwe lero timati Kinshasa. Lisanayambe kunali kale African Jazz ya Joseph Kabasele, Grand Kallé uja, ya mu 1953, yomwe mu 1960 inaimba "Indépendance Cha Cha". Tsono inu Amalawi anzanga, makamaka achikulire amene munakula ndi wailesi ya MBC: mukuwakumbukira malemu Alan Namoko, woimba wosaona uja wa ku Thyolo, ndi gulu lawo la Chimvu Jazz? Mutatenga mbale za magulu atatuwa n'kukamuikira munthu wa ku New York, angapukuse mutu kuti iyi si jazz. Ndipo mbali ina angakhale akunena zoona. Franco ankaimba rumba. A Namoko ankaimba banjo ndi ng'oma zopanga okha, nyimbo za ana amasiye ndi mavuto a pamudzi. Nanga dzina limeneli analitola kuti, ndipo analikonderanji? Ndiwo ulusi umene ndikufuna tiutsate lero.

Jazz inabadwira ku New Orleans, mzinda wapadoko m'mbali mwa mtsinje wa Mississippi, kumwera kwa United States. Mzindawu unadutsa m'manja mwa Afalansa ndi Asipanishi, Amereka asanaugule mu 1803. Akapolo ambiri amene anatsitsidwa padokopo anachokera ku Senegambia ndi ku madera a Kongo. Lamlungu ankapatsidwa mpata wosonkhana, ndipo mu 1817 akuluakulu a mzindawo analamula kuti magule awo azichitikira pabwalo limodzi lokha. Bwalolo mpaka lero dzina lake ndi Congo Square. Pamenepo ankagulitsa timalonda, kuimba ng'oma ndi kuvina m'magulumagulu: anthu a zinenero zosiyana, amene sanasankhane, oikidwa malo amodzi ndi lamulo la wina. Sindikufananitsa ukapolo ndi moyo wa othawa kwawo, ayi. Ukapolo unali nkhanza ya mtundu wakewake. Koma munthu wa ku Dzaleka sachedwa kumva nkhani ya bwalo limene wa ku Burundi, wa ku Congo, wa ku Rwanda, wa ku Somalia ndi wa ku Ethiopia amakumanapo chifukwa kwina kopita kulibe.

Jazz yeniyeniyo inadzapsa pambuyo pake, cha m'ma 1900, ukapolo utatha kale mu 1865. Mumphikamo munalowa nyimbo zogwirira ntchito m'minda, nyimbo za m'tchalitchi, blues, ragtime ya papiyano, ndi mabandi a malipenga oguba ngati asilikali. Mabandi amenewa ankaperekeza maliro: popita kumanda nyimbo yachifatse, pobwerera nyimbo yodumpha, khamu likuvina pambuyo.

Apa ndiime kaye, chifukwa ndi pamene ine mwana wa kuno nkhaniyi inandilowa m'thupi. Ife a ku Dowa ndi ku Ntchisi tinakula ndi mganda. Amuna atavala zoyera, ali pamizere ngati pa perete, ng'oma yaikulu pakati, ndi malipenga a zikho aja timati badza, otseka kumapeto ndi kanembanemba ka kangaude kuti ukang'ung'udziramo mawu atuluke akunjenjemera. Gule ameneyu anachokera ku perete wa asilikali a KAR nthawi ya nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Agogo athu anaona mzungu akugubitsa anthu, natengako mzere, yunifolomu ndi lipenga; koma phazi ndi msana zinakhala zathu. Ku New Orleans kunachitika zomwezo. Anatenga nyimbo yogubira, yowuma ngati mtengo, naithira madzi mpaka inayamba kupindika. Anthu awiriwa sanaonanepo, koma atapatsidwa lipenga la msilikali anachita nalo chinthu chimodzi.

Kunalinso china. Mumzindamo munali anthu a magazi osakanikirana otchedwa Creole, ambiri ophunzira, odziwa kuwerenga manotsi. Malamulo a tsankho atalimba, makamaka chitachitika chigamulo cha mlandu wa Plessy mu 1896, mlandu womwe unayambira mu New Orleans momwemo, iwowa anawerengedwa pamodzi ndi anthu akuda ena onse. Woimba wa manotsi anapezeka m'bandi imodzi ndi woimba wa khutu. Aliyense anali mlendo kwa mnzake, ndipo paja akuluakulu amati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa.

Amene ambiri amamutchula poyamba ndi Buddy Bolden, woimba kalipenga kotchedwa cornet, yemwe ankamveka kutali akaliza. Mu 1907 anadwala mutu, natsekeredwa m'chipatala cha amisala mpaka imfa yake mu 1931. Palibe mbale ngakhale imodzi imene tili nayo ya kuimba kwake. Mbale yoyamba ya jazz inatuluka mu 1917, ndipo inali ya gulu la azungu, Original Dixieland Jass Band. Za Bolden musunge, ndibwererako.

Tsopano tilowe mkati mwa nyimboyo, tione mmene imamangidwira. Inu a kwaya mundithandize, chifukwa ndigwiritsa ntchito do, re, mi yomwe mumaidziwa. Pansi pa jazz pali mkombero wa makodi umene umangobwerezedwa. Wodziwika kwambiri ndi wa blues, wa mabala 12: anayi pa do, awiri pa fa, awiri pa do, limodzi pa so, limodzi pa fa, awiri pa do, n'kuyambiranso. Wina ndi wa mabala 32, wa zigawo zinayi, pomwe choyamba, chachiwiri ndi chachinayi zimafanana koma chachitatu chimapatuka. Gulu limayamba ndi kuimba nyimbo monga aliyense amaidziwira. Kenako mkombero umapitirira pansi, pamwamba pake mmodzi akupeka zakezake pompopompo. Akatha amasiyira mnzake. Pomaliza onse amabwerera ku nyimbo ija.

Anthu ena amaganiza kuti kupeka pompopompo ndi kungoliza zilizonse zabwera m'mutu. Amenewo sanaimepo pafupi ndi woimba mbalule. Ku gule, ng'oma zinazo zimagwira mayendedwe osasintha, pomwe wa mbalule maso ake ali pa mapazi a wovina: wovina akaponda mwadzidzidzi, iye ali pomwepo, akazungulira, ng'oma yazungulira naye. Sanakonzeretu, komanso sakungomenya. Ali ndi nkhokwe ya mawu a ng'oma amene anawaphunzira zaka zambiri, ndipo amatapamo choyenera nthawi imeneyo. Woimba sakisofoni wa jazz amachita zomwezo. Amadziwa pamene mkombero wafika ngakhale atatsinzina, amamvetsera wa bezi ndi wa ng'oma, ndipo iwonso amamuyankha, monga momwe otsatira amavomerera wotsogolera nyimbo pamtondo kapena pamaliro. Kwa ine, luso lalikulu la jazz lili m'khutu. Zala zimabwera pambuyo.

Chachiwiri chimene chimaidziwitsa ndi chomwe eni ake amati swing. Tiyeni tiyese. Werengani kufika pa 4 mobwerezabwereza. Msilikali amaponda mwamphamvu pa 1 ndi pa 3. Inu ombani m'manja pa 2 ndi pa 4. Mwamva mmene thupi lapepukira? Tsono kugunda kulikonse mukugawe pawiri, koma mosalingana: mbali yoyamba yotalikirapo, yachiwiri yaifupi. Onjezani kuti woimba amakonda kugwetsa mawu pamalo pamene khutu silikuyembekeza, monga amayi awiri akusinja mumtondo umodzi, munsi wa wina ukutsika pamene wa mnzake ukukwera. Papepala izi sizilembeka bwinobwino. Zimaphunziridwa poima pafupi ndi wodziwa.

Palinso mawu opindika a blues. Pa piyano pali mi, pali ma. Woimba blues amafuna mawu amene ali pakati pa awiriwo, pomwe piyano ilibe batani, ndipo amachitanso chimodzimodzi pakati pa ti ndi ta. Ndiye wa lipenga amafinya milomo, wa gitala amakoka waya, wa pakamwa amatsetsereka. Sukulu za nyimbo za ku Ulaya zinkafuna mawu osalala, oyera mbee. Jazz imafuna kuti lipenga lilire ngati munthu: lisase mawu, libuule, liseke. Oimba a Duke Ellington ankatseka kukamwa kwa lipenga ndi kamphira kuti lizimveka ngati likuyankhula. Khutu limene linakula ndi kunjenjemera kwa badza silidabwa ndi zimenezi.

Za masitayilo ndidutsa mothamanga, chifukwa mayina ndi ambiri. Poyamba malipenga atatu ankalukana nthawi imodzi. Mu 1922 Louis Armstrong anakwera sitima kupita ku Chicago kukalowa gulu la King Oliver, mmodzi mwa anthu akuda miyandamiyanda amene ankathawa tsankho la kumwera. Mbale zake za Hot Five, kuyambira mu 1925, ndizo zinaika woimba mmodzi patsogolo kuti anene zakukhosi. M'ma 1930 kunabwera mabandi aakulu ovinitsa anthu, a Count Basie ndi a Ellington. Ellington ndimamuika pamwamba pa onse pa chifukwa chimodzi: sankalembera chida, ankalembera munthu. Ankadziwa kuti sakisofoni ya Johnny Hodges ili ndi mawu akeake, ndipo ankasoka nyimbo molingana ndi thupi la mwini wake, monga telala wabwino. M'ma 1940 achinyamata a ku Harlem, Charlie Parker, Dizzy Gillespie ndi Thelonious Monk, anabweretsa bebop: timagulu tating'ono, liwiro lalikulu, makodi othinana, nyimbo yomvetsera utakhala pansi. Parker anamwalira mu 1955 ali ndi zaka 34 zokha; ng'oma yoliritsa sichedwa kung'ambika. Mu 1959 Miles Davis anatulutsa Kind of Blue, momwe anachepetsa makodi kuti woimba akhale nthawi yaitali pamalo amodzi, ndipo chaka chomwecho Ornette Coleman anayamba kumasula mkombero womwewo.

Tsono tiwoloke nyanja, tibwerere kuno. Mbale za galamafoni, mafilimu ndi wailesi zinafikitsa jazz m'matauni a migodi ndi mafakitale, komwe anthu a Nyasaland anali ambirimbiri. Ku Bulawayo, August Musarurwa anapeka nyimbo ya sakisofoni yotchedwa "Skokiaan", dzina la mowa woletsedwa wa m'makomboni, mbale wake wa kachasu. Inawoloka nyanja, ndipo mu 1954 Armstrong mwini wake anaijambula. Taonani, katundu sankayenda njira imodzi. Ngakhale banjo ya a Namoko ija, makolo ake ndi zoimbira za akapolo a ku Africa kutsidya kwa nyanja; inangobwerera kumudzi itavala zachilendo.

Ku Johannesburg m'ma 1950 anyamata osauka, osakwanitsa kugula sakisofoni, anatenga chitoliro chachitsulo chotchipa n'kumatsanzira nacho mabandi a swing m'misewu. Nyimboyo inatchedwa kwela, liwu lomwe ife sitifunika kulitanthauzira: ndi kukwera komweku, ndipo galimoto ya apolisi yonyamula anthu ankaitcha kwela-kwela. Spokes Mashiyane ndiye anatchuka nayo kwambiri. Mkombero wake ndi waufupi: do, fa, do, so, basi, mpaka kuche.

Kwela inazilala ku South Africa, koma inapeza mudzi kuno. Daniel ndi Donald Kachamba, a m'mudzi wa Singano ku Chileka, anakhalako ku Salisbury ali ana, komwe bambo awo ankagwira ntchito, nabwerera ndi nyimboyi m'makutu. Mu 1967 katswiri wofufuza nyimbo wa ku Vienna, Gerhard Kubik, anawapeza akuimba mu Blantyre: gitala, chitoliro, chisekese ndi bezi ya chingwe chimodzi. Donald ankalowetsa chitoliro mkati mwa kamwa chopendekera kutsaya, kuti mawu anenepe ndi kupindika ngati a sakisofoni. Chida cha mabowo asanu ndi limodzi, chopangidwira ana, chinayamba kutulutsa mawu a blues aja. Kubik sanangolemba n'kuchoka. Anakhala mmodzi wa oimba, akuliza klarineti m'gulu la Donald pamodzi ndi a Moya Aliya Malamusi, ndipo anayenda nalo maiko ambiri. Daniel anamwalira mu 1987, Donald mu 2001, atakaphunzitsako pa yunivesite ya UCLA ku Los Angeles mu 1999. Mwana wa ku Chileka kukaphunzitsa Amereka nthambi ya mtengo wawo womwe! Zimandipweteka kuti achinyamata athu ambiri oimba gitala lero dzina la Kachamba amangolimva, nyimbo zake osazidziwa. Bezi ya chingwe chimodzi ija ndi babatoni yomwe Madalitso Band yazungulira nayo ku Ulaya masiku ano.

Apa funso lathu lija layamba kuyankhika. Kwa Kabasele, kwa Franco, kwa a Namoko, liwu loti jazz linkatanthauza gulu lamakono, la anthu akuda oimba mwaluso pamaso pa dziko lonse. Rumba ya ku Congo inayamwa kwambiri mbale za ku Cuba kuposa za ku New Orleans, zimenezo n'zoona. Koma mvetserani sebene: makodi awiri kapena atatu akuzungulira, bezi yagwira pansi, gitala ya Franco kapena ya Docteur Nico ikuluka pamwamba, oimba akuitana ovina. Mamangidwe ake ndi a pachibale. Ine sindiona kuti anaba dzina kapena kulakwitsa. Anazindikira mbale wawo, monga anthu a ku Léopoldville anachitira mu Okutobala 1960, pamene Armstrong anafika dziko lili pa chipwirikiti, iwo namunyamula pampando ngati mfumu. Abale athu a ku Ethiopia nawonso ali ndi gawo lawo: Mulatu Astatke anaphunzira ku London ndi ku Boston, natenga masikelo a mawu asanu a kwawo n'kuwakwatitsa ndi jazz, ndipo mu 1973 anaimba ndi Ellington ku Addis Ababa.

Pali mbali ya mbiriyi imene sindingaidumphe ndili pamalo ano. Apolisi atapha anthu 69 ku Sharpeville pa 21 Malichi 1960, oimba jazz ambiri a ku South Africa anachoka m'dziko. Hugh Masekela anachoka chaka chomwecho, nakhala kunja zaka 30. Miriam Makeba atafuna kupita kumaliro a mayi ake, anapeza chiphaso chake chathetsedwa. Gulu la Blue Notes linatuluka mu 1964. Mongezi Feza anafera ku London mu 1975, Johnny Dyani ku Berlin mu 1986, Dudu Pukwana ndi Chris McGregor mu 1990. Louis Moholo yekha ndiye anaona tsankho likugwa nabwerera kwawo. Sindinena kuti kuthawa kunawapindulira, kunawadya. Chimene ndikufuna muone n'chakuti ali kunjako sanayese kukhala Amereka. Masekela anayamba kumveka pamene anabwerera ku nyimbo za m'makomboni a kwawo, ndipo mu "Stimela", nyimbo ya sitima yonyamula amuna kupita kumigodi, Malawi akutchulidwa ndi dzina. Amalume athu a Wenela ali m'nyimbo imeneyo. Ray Phiri, wa gulu lotchedwanso Stimela, amene gitala yake imamveka mu Graceland ya Paul Simon ya mu 1986, anakulira m'banja la bambo wochokera kuno. Ndipo chimbale cha Masekela chotchedwa Phola anachikonza ndi Mmalawi, Erik Paliani.

Wina amene muyenera kumudziwa, inu a ku Congo makamaka, ndi malemu Wambali Mkandawire, amene anatisiya pa 31 Januwale 2021. Ambiri timawatenga ngati tate wa jazz ya Chimalawi ya masiku ano. Makolo awo anali a ku Mlowe ku Rumphi, koma iwo anabadwira ku Congo mu 1952, nabwera kuno ali mwana. Mvetserani chimbale chawo cha Zani Muwone cha mu 2002: makodi ndi a jazz, koma chinenero, kayendedwe ndi kavomeredwe ndi za kwawo kwa Atumbuka. Njira ya pakati pa Congo ndi Malawi sinayambe ndi inu; ena anaidutsa chobwera kuno atanyamula nyimbo.

Malo ano anali ndende ya andale nthawi ya ulamuliro wa Kamuzu Banda, ndipo dzina lake likunena lokha zimene womangidwa ankayenera kulonjeza: ndidzaleka. Mu 1994 anasanduka msasa wa othawa kwawo. Anakonzedwera anthu 10,000 kapena kupitirirapo pang'ono. Lero muli oposa 50,000. Woimba wa muno sangangodzuka n'kukaimba ku Lilongwe popanda chilolezo, ndipo zingwe za gitala zimapikisana ndi ufa pa ndalama yomweyo. Zimenezi ndikuzidziwa, ndipo nyimbo sizichotsa. Komabe kuyambira mu 2014, pamene mlakatuli Trésor Nzengu Mpauni, amene mumamudziwa kuti Menes La Plume, anayambitsa chikondwerero cha Tumaini, anthu a m'tauni ndi a maiko ena akhala akukwera mtunda uno kudzamvetsera inu.

Ndipo taonani zimene zili muno, pamtunda woyenda wapansi mphindi zochepa: ng'oma zazikulu za ku Burundi zosenza pamutu, magitala a sebene, makwaya a mawu anayi m'matchalitchi osawerengeka, masikelo a ku Ethiopia ndi ku Somalia, ndipo kuseri kwa mpanda, mganda ndi chimtali. Ku Malawi kuno sindidziwa malo ena amene zonsezi zimagona moyandikana chonchi. Chimene ndaona n'chakuti nthawi zambiri gulu lililonse limakwera pansanja palokha, n'kutsika, linzake n'kukwera. Chimene New Orleans anachita n'chakuti wa manotsi ndi wa khutu anakhala m'bandi imodzi, sabata ndi sabata, mpaka panatuluka chinthu chimene panalibe mwini mmodzi. Sindikukupemphani kuti muziimba ngati Charlie Parker, ngakhale amene akufuna kumuphunzira amuphunzire ndithu, adzapindula. Ndikupempha kuti wa ng'oma ya ku Burundi ndi wa gitala ya ku Bukavu ndi wa badza wa ku Mponela agwirizane mkombero umodzi waufupi, aubwereze mpaka aliyense apeze poponda.

Za Bolden ndinati ndibwererako. Anthu amene anamumva anafa, ndipo lipenga lake linapita nawo. Muno anthu amabwera ndi kuchoka: wina wapeza mwayi wopita ku Canada kapena ku America, wina wabwerera kwawo, wina tamuika m'manda a konkuno. Gulu limene likuimba bwino chaka chino, chaka chamawa lilibe wa bezi. Foni imene ili m'thumba mwanumo imajambula bwino kuposa makina amene anajambula Armstrong mu 1925. Jambulani poyeserera pomwe, osadikira tsiku la chikondwerero. Nenani tsiku, malo ndi mayina a oimba musanayambe, ndipo mukasunge kwa anthu awiri kapena atatu. Agogo amene amaimba inanga kapena likembe kuseri kwa nyumba, muyambe ndi iwowo.

Nthawi yatsalayi tiimbe. Mchemwali wa bezi, bwerani kutsogolo kuno, muyambe ndinu: do, fa, do, so, osathamanga. Achimwene a ng'oma, musalowe msanga, mumvetsere kaye maulendo anayi. Inu nonse manja pa 2 ndi pa 4. Wa gitala atenge mikombero iwiri, akatha ayang'ane mnzake amene akumusiyira, ndipo abambo a badza aja akhala kumbuyoko, ulendo wachitatu ndi wanu.